Galimoto ikamanunkha ngati tayala likupsa

Munthu akabwera ku galaja n'kunena kuti galimoto yake ikununkha mphira yopsa, sindithamangira kutsegula boneti. Ndimayamba ndafunsa kuti: "Bwana, fungoli munalimva muli pati? Mukukwera, mukutsika, kapena galimoto itaima injini ikulira?" Akayankha bwino, ndimadziwiratu kumene ndiyambire, chifukwa zinthu zambiri zimene zimanunkha chonchi si mphira n'komwe.

Kuno ku Zomba ambiri amalimva potsika phiri. Kuchoka ku Chawe kudzafika m'tauni ndi mtsetse wokhawokha wa makona, ndiye dalaivala wosazolowera amakhazika phazi pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mapadi a buleki amakhala akukhula disiki osapuma, mpaka utomoni umene umawagwirizitsa umayamba kupsa. Fungo lake ndi loboola mphuno, ndipo nthawi zina kautsi kamatuluka m'mawilo akutsogolo. Koma ine chimene chimandiopsa ndi mafuta a buleki. Mafutawa amayamwa chinyezi. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri 205 a Celsius, koma akakhalitsa n'kumwa madzi amatha kuwira pa 140 pokha. Akangowira, buleki imalowa pansi ngati mwaponda siponji, galimoto osaima.

Mukamva fungoli pamtsetse, pezani malo otakasuka muime, muike galimoto m'giya ndi mwala kutayala, mudikire theka la ola. Musathire madzi pa mawilo. Ndimaona anthu akuthamanga ndi chigubu kukazimitsa utsi, koma disiki yotentha ikalandira madzi ozizira imapindika, ndipo kuyambira tsiku limenelo chiwongolero chimanjenjemera nthawi zonse mukaponda buleki. Potsika ikani giya 2 kuti injini izigwira galimoto. Za otomatiki nazonso zili ndi L, 2 kapena B, ngakhale eni ake ambiri sanazikhudzepo chigulireni galimotoyo. Mafuta a buleki muzisintha pakatha zaka ziwiri.

Fungo lomweli likabwera pamsewu wosatsetsereka, tinene popita ku Thondwe, onani kaye ngati simunaiwale handibuleki. Ngati ili pansi, zungulirani galimoto mukuyandikiza dzanja pa limu iliyonse, osaikhudza. Wilo limodzi likamatentha kuposa anzake, kalipa yake, chija chopanikiza mapadi pa disiki, yagwira, ndipo kawirikawiri galimoto imakokeranso mbali yomweyo. Kalipayo imafunika kumasulidwa, kutsukidwa ndi kupakidwa girisi pa mapini.

Okwera phiri vuto lawo ndi kilatchi, makamaka amene amakonda kugwira galimoto pachitunda ndi hafu kilatchi. Kuyesa kwake n'kosavuta: muli pa giya 4, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, pondani mafuta kwambiri. Injini ikakuwa koma liwiro osawonjezeka, puleti ya kilatchi yatha. Apa langizo langa ena amaliona ngati ndikufuna ndalama zawo, komabe ndimanena: sinthani puleti, puleshapuleti ndi beringi yake nthawi imodzi, poti ntchito yodula ndi yotsitsa giyabokosi, ndipo simungafune kuilipira kawiri.

Mphira yeniyeni imapsa pa lamba wa injini, uja timati fanibeluti. Iyeyu amachenjeza: amalira kwiii m'mawa mukangoliza galimoto kapena mukayatsa AC. Zimitsani injini, chotsani kiyi, muyang'ane. Lamba wotha amakhala ndi ming'alu, amanyezimira mkati, ndipo pafupi ndi mapule pamakhala fumbi lakuda. Dinikizani ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri. Akalowa kupitirira sentimita imodzi ndiye kuti wakhwepa. Chokhacho, nthawi zambiri lambayo amangovutikira za eni. Beringi ya olitaneta kapena kompuresa ya AC ikagwira, pule imaima koma lamba n'kumakwekwerezeka pamwamba pake. Makaniko wabwino akachotsa lamba amazungulitsa pule iliyonse ndi dzanja, kumvetsera yolimba kapena yochita phokoso. Mukangogula lamba watsopano osaona zimenezi, apsanso. Pa injini ya 1NZ, imene ili m'ma Probox ndi ma Sienta ambiri, lamba ameneyu amayendetsanso pampu ya madzi, kotero akaduka nyali ya batire imayaka ndipo injini imatentha m'mphindi zochepa. Pamenepo osakakamira kuti mukafike kunyumba.

Zina n'zazing'ono. Oyilo wodontha kuchokera pa gasiketi ya pamwamba amagwera pa ekizozi n'kumapsa. Jumbo imene mwaiponda pafupi ndi msika imamatirira ku paipi ya ekizozi n'kununkha masiku angapo. Ndipo galimoto yodzaza matumba a mpunga ndi matemba kuchokera ku Kachulu imatsika kumbuyo mpaka tayala kumakhula bodi. Mudzaona mzere wosalala m'mbali mwa tayalalo.

Fungo limene sindilola kuti munthu ayende nalo ngakhale mita imodzi ndi la mawaya, lija lokhala ngati pulasitiki ikusungunuka, lomveka kwambiri mkati pafupi ndi dashibodi. Kawirikawiri limachokera pa wayilesi kapena nyali zowonjezera zolumikizidwa mwachidule, kapena pamene wina anamanga kawaya m'malo mwa fyuzi yopsa. Zimitsani galimoto, tulutsani anthu, kenako masulani waya wa negetivi pa batire. Sipanala nambala 10 imakwana pa galimoto zambiri za ku Japan, ndiye izikhala pafupi, osati pansi pa katundu kubuti.