Dzanzi la kuchipinda: yezetsani shuga musanathamangire gondolosi

Abambo ambiri amene amadandaula kuti chida chawo chachita dzanzi, kapena kuti chikuchedwa kudzuka, amafika kuchipatala atazungulira kale kwina konse ndipo ndalama zitawathera. Amayamba ndi gondolosi wa mumsika, kenako timabotolo topanda dzina ta kudepoti, kenako mapilitsi amene mnzawo wawapatsira kumowa. Ndikawafunsa ngati anayezetsapo shuga ndi BP, yankho limakhala lomwelo, loti ayi, ndipo kunena zoona ndatopa nalo.

Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha imene imatithandiza kumva tikakhudzidwa, choncho amene akumva dzanzi kumapazi asadabwe dzanzilo likafikanso kumaliseche. BP, fodya ndi mafuta ochuluka m'magazi zimachepetsa njira zodutsa magazi. Mitsempha ya magazi yopita kuchida ndi yaing'ono, mamilimita 1 mpaka 2, pomwe ya mtima ndi 3 mpaka 4, ndiye imayamba kutsekeka ndi ya kuchidayo, ndipo kufooka kuchipinda kumatha kuonekera zaka zingapo matenda a mtima asanadziwike. Mankhwala ena a BP, monga hydrochlorothiazide ndi propranolol, amafooketsanso anthu ena, koma musawasiye panokha, tiuzeni tikusinthireni. Akabaza opalasa tsiku lonse kuchokera ku Chibavi, Zolozolo ndi Luwinga mumzinda wa Mzuzu adziwe kuti chishalo chimapanikiza mtsempha wa pakati pa miyendo, ndipo dzanzi lotere limachepa munthu akasintha chishalo ndi kumapumira. Ngati m'mawa chida chimadzuka bwinobwino, kawirikawiri vuto limakhala nkhawa, ngongole kapena mkangano wa m'nyumba, osati kuti mayi a kunyumba anakuchitani mankhwala.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandipwetekabe mtima. Anali wa zaka za m'ma 30, ndipo sanali wodwala konse, ankangofuna kuonjezera mphamvu. Anamwa mapilitsi osadziwika pamodzi ndi zosakaniza za m'botolo, chida chinadzuka osagwanso. Usiku woyamba anapirira akuthira madzi ozizira, kutacha abale anamutengera kwa sing'anga amene anati wina anamutchera, ndipo kwa ife anafika tsiku lachitatu, atamanga jekete m'chiuno, akuyenda chowerama. Iye mawu osatuluka, amene ankayankhula anali mkulu wake: "Adokotala, ang'ono angawa ali ndi vuto lochititsa manyazi." Magazi amene tinapopa ndi jakisoni anali akuda bii, okhuthala ngati phala. Ululu unatha, koma minofu ya mkati inali itafa kale, ndipo chida chimenecho sichinadzukenso. Akanabwera usiku woyamba uja, mwayi wochira unali waukulu ndithu. Chida chikakhala chodzuka kupitirira maola 4, makamaka chikupweteka, imeneyo ndi ngozi yofuna chipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa pakatha tsiku limodzi kapena awiri ambiri sabwereranso mwakale. Makolo a ana odwala sickle cell, matenda a magazi ochita kubadwa nawo, amve bwino pamenepa, pakuti vutoli limagwiranso anyamata aang'ono amene sanamwe kalikonse.

Ogulitsa zinthuzi sakufunsani za mtima wanu. Sildenafil, amene ambiri amamudziwa kuti Viagra, ndi mankhwala enieni othandiza akalembedwa ndi dokotala, koma akakumana ndi mankhwala a mtima monga isosorbide dinitrate, BP imatsika mwadzidzidzi ndipo munthu akhoza kufa. Mafuta ndi zopopera zochedwetsa kuthira umuna nthawi zambiri zimakhala ndi mankhwala ochititsa dzanzi, ndiye wina amapaka tsiku ndi tsiku kenako n'kubwera kudzadandaula kuti sakumva kanthu.

Musadikire ngati dzanzi la pakati pa miyendo labwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kupweteka kwa msana ndi kulephera kukodza kapena kugwira chimbudzi, chifukwa pamenepo mitsempha ya kumsana yapanikizika. Tchende likayamba kupweteka kwambiri mwadzidzidzi, pamakhala maola pafupifupi 6 okha oti tilipulumutse. Chilonda chosapola pachida, chotupa cholimba m'tchende, kupindika kwa chida kumene kwangoyamba, ndi mkodzo wotuluka modontha zimafunika dokotala wa njira ya mkodzo ndi ziwalo za abambo, amene amatchedwa urologist. Magazi mumkodzo kapena mu umuna kwa munthu wosamba m'nyanja ku Nkhata Bay, Usisya kapena Karonga kawirikawiri amakhala likodzo, limene limachizika ndi praziquantel, komabe ayenera kuyezedwa, pakuti likodzo lokhalitsa limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Madokotala amenewa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, choncho ngati vuto si ladzidzidzi yambirani ku chipatala cha Mapale, cha St John's kapena cha Ekwendeni, kumene akakuyezeni shuga, BP ndi mkodzo, ndipo kukafunika akakulemberani kalata yopita ku Mzuzu Central Hospital. Pobwera tengani buku lanu la kuchipatala, mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ndi kabotolo kaja ka kudepoti ngakhale katatha, kuti tione chimene munamwa.