Malo a muonjezi m'chiganizo cha Chingerezi cha msintho wochitidwa

Pa zaka zimene ndakhala ndikuchonga zolemba za ophunzira, ndaona kuti ambiri savutika kupanga mneni wa msintho wochitidwa, monga "was found", koma amasokonezeka akafika poika aonjezi, mawu onena za mchitidwe, malo ndi nthawi, makamaka ngati m'chiganizomo mulinso "by" wosonyeza wochita ntchitoyo.

Dongosolo limene limaphunzitsidwa m'kalasi ndi lakuti mchitidwe uyambe, malo atsatire, nthawi itsirize. Ndiye chifukwa chake ponena za mankhwala a penisilini, amene Alexander Fleming anatulukira ku London mu 1928, timalemba kuti "Penicillin was discovered by Alexander Fleming in London in 1928". Muonjezi wa liwu limodzi yekha ndiye amakonda kulowa m'kati mwa mneni, monga "The bridge was badly damaged", ndipo mawu ngati "already" amatsatira mneni wothandiza woyamba, monga "has" m'chiganizo ichi: "It has already been repaired".

Pamene pagona nkhani ndi pa "by", chifukwa dzina lobwera pambuyo pake limakoka mawu alionse oyandikana nalo. Taonani chiganizo chakuti "The thief was caught by the guard at the market". Kodi wakubayo anagwidwira pamsika, kapena anagwidwa kwina ndi mlonda amene amagwira ntchito pamsika? M'Chichewa funsoli silibuka, pakuti "anagwidwa ndi mlonda pamsika" ndi "anagwidwa ndi mlonda wa pamsika" zimasiyanitsidwa ndi kaliwu kamodzi, "wa", kamene Chingerezi chilibe pamalo amenewa. Choncho wolemba wosamala amasuntha malowo kuti agundane ndi mneni, n'kulemba kuti "was caught at the market by the guard". Ine ndimayamikira wophunzira wotere kuposa amene wangotsatira dongosolo loloweza pamtima.

"By" amatanthauzanso "pafupi ndi", kotero kuti "The child was found by the river by a fisherman" ndi chiganizo cholondola koma chokhakhala m'khutu, ndipo "near the river" chimachisalaza.

Kutalika kwa mawu nakonso kuli ndi mphamvu. Wochita ntchitoyo akafotokozedwa ndi mawu ambiri, Chingerezi chimamukankhira kumapeto, ngakhale kuseri kwa nthawi imene tinati imatsiriza: "The child was found on Monday by a fisherman who had gone to check his nets".