Bowa wanthambi wa m'miombo: mafunso ndi mayankho musanazule

Kodi ndi bowa uti ameneyu?

Alibe chipewa ngati ndelema kapena utale. Amachokera pa tsinde limodzi n'kugawikana timanthambi ngati kamtengo kopanda masamba. M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amawoneka m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Marichi, pansi pa mombo, mtondo ndi masuku. Akatswiri amamuika m'magulu angapo, odziwika kwambiri ndi Clavulina ndi Ramaria.

Lamulo lake n'lotani?

N'lomwe lija la makolo: bowa amene simukumudziwa ndi chirombo. Kufanana nthambi si umboni. Koyamba pitani ndi munthu amene wakhala akudya mtundu womwewo, wa m'nkhalango yomweyo.

Ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi pamene wamera. Wa pa chitsa chowola kapena pansi pa bulugamu ndi paini musiyeni. Ku Brazil ndi Uruguay kuli Ramaria womera m'mabulugamu amene amapha ng'ombe. Zulani ndi tsinde lomwe, muone ngati m'munsi mwada kapena mwachita nkhungu; ngati zili choncho, tayani. Fanyani kanthambi: kakasintha mtundu n'kuchita bulawuni kapena kufiira, tayani. Wapinki wa nsonga zachikasu, komanso wa mnofu woterera ngati phala lozizira, amatsegula m'mimba koopsa.

Mukafika kunyumba, ikani nthambi imodzi papepala, theka loyera theka lakuda, muvundikire ndi kapu usiku wonse. Clavulina amasiya fumbi loyera, Ramaria lachikasu. Ichi chimangosonyeza gulu, sichikuti idyani. Wa fumbi lachikasu musiyeni yense, chifukwa wabwino ndi woipa m'gululi amavuta kusiyanitsa ngakhale kwa akatswiri.

Nanga ngati nyerere kapena anyani akumudya?

Mimba yawo si yanu. Zoti supuni imada mumphika bowa akakhala wapoizoni nazonso n'zabodza.

Kuphika kumachotsa poizoni?

Osati yense. Tsukani bwino chifukwa mchenga umabisala m'nthambimo, muphike apse ndithu, ndipo musaphatikize mitundu mumphika umodzi. Tsiku loyamba idyani masupuni awiri okha, ana asalaweko, mudikire tsiku lathunthu.

Wina akayamba kusanza titani?

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenga bowa wotsala, waiwisi ndi wophika. Onse amene anadya apite, ngakhale amene akumva bwino. Kusanza kumene kwayamba patapita maola 6 kapena kuposerapo n'koopsa kwambiri: mwina munasakanikira bowa wowononga chiwindi, ndipo wodwala amaoneka ngati wachira asanafooke kachiwiri. M'njira muzimumwetsa thanzi ORS pang'onopang'ono.