Kufunafuna Zipangizo Zokonzera Mfuti Yakale ya Webley

Mwa mfuti zam'manja zakale zimene zimapezeka m'mayiko amene ankalamulidwa ndi Britain, yodziwika kwambiri ndi revolver ya Webley (mfuti yokhala ndi silinda, chitsulo chozungulira cha mabowo oikamo zipolopolo), imene inkapangidwa mumzinda wa Birmingham. Boma la Britain linayamba kuipereka kwa asilikali ake mu 1887, ndipo akuluakulu a gulu la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linali ndi asilikali ambiri ochokera ku Nyasaland, ankayenda nayo m'chiuno. Kampani ya Webley & Scott inaleka kupanga mfuti zam'manja kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, choncho munthu amene sipuling'i ya mfuti yotereyi yamuthyokera sangalembere kalata ku fakitale kuti amutumizire ina. Ayenera kusakasaka, ndipo kusakako kumayenda bwino pokhapokha ngati akudziwa bwinobwino mfuti imene ili m'manja mwake.

Dzina lakuti Webley palokha silithandiza wogulitsa aliyense, chifukwa mfutizi zinkasinthidwa kapangidwe m'kupita kwa zaka. Mtundu woyamba unali Mk I wa mu 1887. Mk IV inatuluka mu 1899 ndipo inatchuka pa nkhondo ya Maburu ku South Africa, Mk V inabwera mu 1913 ili ndi silinda yokulirapo kuti ipirire mphamvu ya onga watsopano wosatulutsa utsi wambiri, ndipo Mk VI ya mu 1915 inali ndi mpope wa mainchesi 6 komanso chigwiriro cha makona mmalo mwa chopindika chija cha mitundu yoyambirira. Zonsezi zinkawomba zipolopolo za .455 (nambala yosonyeza kukula kwa chipolopolo). Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti pali mfuti ina yocheperapo, yowomba zipolopolo za .38, imene kampani yomweyo inaitchanso Mk IV ndipo inagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Munthu akangoitanitsa chipangizo cha Mk IV osatchula kukula kwa chipolopolo, akhoza kulandira chinthu choti sangachigwiritse ntchito n'komwe. Palinso Enfield No. 2, imene inkapangidwa ku fakitale ya boma ku Enfield, yofanana kwambiri ndi Webley ya .38 mukaiona kunja, koma zitsulo zake zam'kati sizilowa mu Webley.

Mfutiyo imadzifotokoza yokha kwa munthu wodziwa kuiwerenga. Pathupi lake pamakhala dzina la mtundu wake, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso chaka. Kachizindikiro kooneka ngati nsonga ya muvi kamatanthauza kuti inali katundu wa boma la Britain, ndipo mukaona mivi iwiri yoyang'anizana nsonga, ndiye kuti boma linaigulitsa itatha ntchito. Pamakhalanso zidindo za malo oyesera mfuti, monga Birmingham Proof House imene inakhazikitsidwa mu 1813. Chofunika koposa ndi nambala ya mfutiyo, imene imalembedwa pathupi, pampope ndi pasilinda. Manambala atatuwa akafanana, mfutiyo idakali ndi ziwalo zake zikuluzikulu zimene inachoka nazo ku fakitale. Akasiyana, wina anaikonzapo kale, ndipo m'misiri ayenera kuyeza chilichonse mosamala asanakhulupirire kuti zinthu zikugwirizana.

Ziwalozo ankazilemba nambala chifukwa mfuti za nthawi imeneyo ankazimaliza ndi manja. Makina ankadula zitsulo, koma m'misiri wa ku fakitale ankatenga tupa n'kupala pang'onopang'ono mpaka chitsulo chilichonse chitakhala bwino mu mfuti imodziyo. Apa ndi pamene ogula ambiri amakhumudwa, chifukwa amaganiza kuti chipangizo cholondola chimangolowa monga mmene batire imalowera mu tochi. Tengani kachitsulo kotchedwa hand, kamene kamakankha silinda kuti izungulire nthawi iliyonse munthu akakoka hamala, kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya chipolopolo kuti chiphulike. Nsonga yake ikaperepeseka ngakhale pang'ono chabe, silinda imaima isanafike pamalo ake, bowo la chipolopolo silikhala moyang'anizana ndi mpope, ndipo powomba tizidutswa ta mtovu timathethekera m'mbali. M'misiri amayesa zimenezi mfuti ilibe chipolopolo: amakoka hamala mwapang'onopang'ono pa mabowo onse 6, akumvetsera ngati silinda ikumveka kuti yakhoma hamala isanafike kumapeto kwa ulendo wake. Kachitsulo kochotsedwa mu mfuti ina yakale kanapalidwa kale kuti kagwirizane ndi mfuti inayo, ndiponso kanaperepeseka mogwirizana nayo, moti nthawi zambiri kamakhala kakafupi. Ine ndimakonda kulandira kachitsulo kotalikirapo, popeza chitsulo chochuluka chimapalika pomwe chochepa sichibwezereka mosavuta.

Zina zimene zimawonongeka kawirikawiri ndi sipuling'i yaikulu yooneka ngati chilembo V, chotsekera chimene chimagwira mpope kuti mfuti isatseguke powomba, ndiponso zophimba chigwiriro zopangidwa ndi rabala youma yakuda, zimene zimang'aluka zikakalamba. Masikuluwu nawonso amavutitsa, chifukwa mizere yake ndi ya miyezo yakale ya ku Britain, ndipo kukakamiza sikuluwu ya mu hadiweya kumawononga bowo limene lakhala bwinobwino kwa zaka zoposa 100.

Zipangizo zambiri zimene zili pamsika zinachotsedwa mu mfuti zina zimene zinaphwasulidwa. Kampani ngati Numrich Gun Parts Corporation ya ku New York yakhala ikugula ndi kugulitsa zotsala zoterezi kwa zaka zambiri, ndipo zithunzi zake zosonyeza ziwalo zonse za mfuti zimathandiza munthu kutchula dzina lolondola la chimene akufuna. Palinso zipangizo zopangidwa masiku ano motengera zakale. Pa masipuling'i ndi zophimba chigwiriro, zatsopanozi n'zabwino, chifukwa sipuling'i yakale ikhoza kuthyoka sabata yomweyo imene mwaiika. Chipangizo chikasoweratu, m'misiri waluso amachisula yekha potengera chothyokacho, n'chifukwa chake zidutswa zonse, ngakhale zing'onozing'ono, ziyenera kusungidwa m'kabotolo mmalo mozitaya.

Silinda ndiyo imafuna kusamala kwapadera. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, mfuti zambiri za Webley zinagulitsidwa ku America, kumene zipolopolo za .455 zinali zosowa. Amalonda anadula kumbuyo kwa masilinda kuti muzilowa zipolopolo za .45 ACP, zimene zinali paliponse koma mphamvu yake imaposa imene mfutizi zinapangidwira. Silinda yodulidwa imadziwika poyang'ana manambala amene ali m'mphepete mwake chakumbuyo, chifukwa amaoneka odukizidwa. Siigwira bwino zipolopolo za .455, ndipo ngati inawomberedwa kwa nthawi yaitali ndi zipolopolo zamphamvu zija, ikhoza kukhala yofooka mosaonekera ndi maso. Wogula ayenera kupempha chithunzi cha kumbuyo kwa silindayo asanatulutse ndalama.

Malamulo nawonso ayenera kufufuzidwa musanaitanitse kanthu. Lamulo la boma la America limaona mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake ngati chinthu chamakedzana, koma Mk VI ya mu 1915 siilowa m'gulu limeneli, ndipo kutumiza ziwalo za mfuti kunja kwa dzikolo kumafuna chilolezo. Ku Britain, kumene mfuti zam'manja zambiri zinaletsedwa mu 1997, mpope, silinda ndi thupi la mfuti zimawerengedwa pansi pa malamulo a mfuti ngakhale zili zokhazokha. Kuno ku Malawi mfuti imafunika chilolezo cha apolisi, choncho banja limene lapeza mfuti ya agogo m'sutikesi liyenera kuyamba ladziwitsa apolisi lisanaganize zoikonza.

Pali mfuti zina zimene sindilimbikitsa kuti zikonzedwe mpaka kumawombanso. Ngati dzimbiri ladya m'kati mwa mabowo a silinda, kapena hinji imene mfutiyo imatsegukira poika zipolopolo ikugwedera ngakhale chotsekera chili chatsopano, kusintha ziwalo zikuluzikulu kumadula kuposa mtengo wa mfutiyo, ndiponso kumasokoneza manambala aja amene amasonyeza mbiri yake. Mfuti yotere imafunika kuchotsedwa dzimbiri mofatsa ndi mafuta, popanda sandipepa kapena makina opukutira amene amafufuta zidindo, kenaka n'kupakidwa phula lopyapyala loteteza chitsulo. Chiwalo chilichonse chimene chachotsedwa chiyenera kusungidwa limodzi ndi mfutiyo, pamodzi ndi pepala lofotokoza chimene chinasinthidwa, tsiku lake, ndi kumene chipangizo chatsopanocho chinachokera.