Malamulo a Mandela ndi chitetezo cha akaidi m'ndende zothithikana: mafunso ndi mayankho

Kodi Malamulo a Mandela ndi chiyani?

Ndi malamulo 122 ofotokoza momwe mkaidi ayenera kusungidwira, omwe msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations unavomereza pa 17 Disembala 2015. Anakonzedwa kuchokera ku malamulo akale a mu 1955, ndipo anapatsidwa dzina la Nelson Mandela yemwe anakhala m'ndende zaka 27. Si pangano lomwe dziko limasainira n'kumangika nalo, koma makhothi, oyendera ndende ndi omenyera ufulu wa anthu amayezera pamenepa akafuna kudziwa ngati ndende ikuyendetsedwa bwino. Lamulo loyamba likunena kuti palibe mkaidi woyenera kuzunzidwa pa chifukwa chilichonse, komanso kuti chitetezo cha akaidi, ogwira ntchito ndi alendo chiyenera kukhalapo nthawi zonse.

Kuthithikana kumabala bwanji ziwawa?

Chipinda chomwe chinamangidwira anthu makumi awiri chikalandira anthu zana, chilichonse chimasanduka cholimbirana: malo ogona, bulangete, madzi, mpata wopita kuchimbudzi, ngakhale malo apafupi ndi zenera pomwe pamadutsa kamphepo. Munthu wosagona mokwanira kwa masabata angapo sachedwa kupsa mtima, ndipo ndeu imatha kuyambira pa kupondana phazi usiku.

Choopsa kwambiri ndi chomwe chimachitika asilikali a ndende akachepa. Chiwerengero cha akaidi chimakwera msanga, cha ogwira ntchito chimatsalira. Zitseko zikatsekedwa madzulo, ulamuliro umagwera m'manja mwa akaidi amphamvu kapena magulu awo. Iwo ndi amene amagawa malo, kulipiritsa wobwera kumene, ndi kulanga wokana. Wosauka yemwe sayenderedwa ndi abale, wachinyamata, wodwala matenda a m'maganizo ndi amene sanalowepo m'ndende ndi omwe amavutika koposa, ndipo ena amakakamizidwa kugonana posinthana ndi chakudya kapena chitetezo. Nkhanza za mtundu umenewu sizimveka kawirikawiri chifukwa wochitiridwayo amayenera kukagonanso m'chipinda chomwecho ndi omwe anamuchitira.

Malamulo a Mandela sanatchule kukula kwa malo a mkaidi mmodzi, koma mabungwe ena anatchula. Komiti ya ku Ulaya yoletsa kuzunza anthu imati m'chipinda chogona ambiri aliyense akhale ndi masikweyamita 4, bungwe la Red Cross la padziko lonse limati 3.4, ndipo mu 2016 khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti malo akachepera masikweyamita 3 pamakhala umboni wamphamvu wakuti mkaidi akusungidwa monyozetsa umunthu wake.

Kodi n'kololedwa kuti nyapala, mkaidi woikidwa kukhala mtsogoleri wa chipinda, azilanga akaidi anzake?

Ayi. Lamulo 40 likuletsa kupatsa mkaidi aliyense udindo wolanga anzake. Akaidi angathe kudziyendetsera okha zinthu monga masewero, maphunziro ndi zochitika zina zapagulu, bola ogwira ntchito aziyang'anira. N'zomveka kuti mkulu wa ndende yemwe ali ndi asilikali ochepa amaona kuti nyapala akumuchepetsera ntchito, chifukwa m'chipinda mumaoneka bata. Koma bata limeneli limagulidwa ndi mantha a akaidi ofooka, ndipo tsiku lomwe magulu awiri ayambana, akuluakulu a ndende amapezeka kuti sakudziwa chilichonse cha m'kati mwa mpanda wawo womwe.

Ndani sayenera kusungidwa pamodzi?

Lamulo 11 likuti amuna alekanitsidwe ndi akazi, achinyamata ndi akuluakulu, omwe ali pa rimandi ndi omwe anagamulidwa kale, komanso omangidwa pa nkhani za ngongole ndi omangidwa pa milandu yaupandu. Pomwe akaidi akugona ambiri m'chipinda chimodzi, lamulo 12 likufuna kuti asankhidwe mosamala kuti ndi oti angakhalire limodzi, ndipo usiku aziyenderedwa pafupipafupi. M'ndende yodzaza kusankhaku ndi kumene kumayamba kutayidwa, wobwera kumene amangokankhiridwa komwe kwapezeka kampata. Komabe ngakhale malo atachepa motani, kufunsa mkaidi pa tsiku lolowa ngati ali ndi mdani m'katimo, ngati akudwala, kapena ngati akuganiza zodzipha, sikufuna nyumba yatsopano. Mbali ya akazi iyenera kuyang'aniridwa ndi ogwira ntchito achikazi, ndipo wachimuna salowako popanda kuperekezedwa ndi wachikazi.

Nanga mkaidi wovulaza anzake asalangidwe?

Alangidwe, koma auzidwe kaye mlandu wake ndi kupatsidwa mpata wodziteteza. Lamulo 43 likuletseratu zilango izi: kumenya, kumuchepetsera chakudya kapena madzi akumwa, kumutsekera m'chipinda chamdima kapena chosazima nyali, kulanga gulu lonse chifukwa cha munthu mmodzi, ndi kumuletsa kulumikizana ndi abale ake. Maunyolo ndi zomangira zina sizigwiritsidwa ntchito ngati chilango.

Kutsekera mkaidi kwayekha kumatanthauza kumusiya maola 22 kapena kuposerapo pa tsiku osacheza ndi munthu. Kumaloledwa pokhapokha njira zina zonse zikalephera, ndipo kupitirira masiku 15 otsatizana n'koletsedwa. Sikuloledwa kwa mkaidi wolumala kapena wodwala m'maganizo ngati kungawonjezere vuto lake, ndipo malamulo a Bangkok a mu 2010, omwe ndi a United Nations okhudza akaidi achikazi, amakuletsanso kwa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi omwe ali ndi makanda m'ndendemo. Pali chizolowezi china chomvetsa chisoni, chotsekera kwayekha mkaidi yemwe waopsezedwa poti akumuteteza. Zikatero wolakwiridwa ndiye walandira chilango, woopsezayo akuyendayenda pabwalo, ndipo ena onse aphunzira kuti kudandaula n'kudziputira mavuto.

Msilikali wa ndende angagwiritse ntchito mphamvu pa nthawi iti?

Lamulo 82 likutchula nthawi zitatu: podziteteza, mkaidi akafuna kuthawa, kapena akamakana lamulo lovomerezeka. Mphamvuyo isapitirire yomwe ikufunikadi, ndipo msilikaliyo akanene kwa mkulu wa ndende nthawi yomweyo. Ogwira ntchito omwe amakhala pakati pa akaidi sayenera kunyamula mfuti, kupatula pa zifukwa zapadera. Zomwe zinachitika pa ndende ya Carandiru mumzinda wa São Paulo ku Brazil mu Okutobala 1992 zimakumbukiridwabe: ndeu ya akaidi m'ndende yothithikana inasanduka chipolowe, apolisi onyamula mfuti analowa, ndipo akaidi 111 anafa.

Malamulowa amadalira kwambiri msilikali yemwe amawadziwa akaidi ake. Yemwe amayenda pakati pawo, kuwadziwa mayina ndi kumva madandaulo awo amazindikira msanga kuti wakutiwakuti wasiya kudya, kapena kuti magulu awiri asiya kulankhulana, ndipo amalowererapo ndeu isanabuke. N'chifukwa chake lamulo 38 likulimbikitsa kuyanjanitsa oyambana, ndipo lamulo 76 likufuna kuti ogwira ntchito aphunzitsidwe kukambirana ndi kuziziritsa mikangano. Nawonso asilikaliwa ndi anthu ogwira ntchito yoopsa, ndipo lamulo 74 likuti malipiro awo akhale okwanira kukopa ndi kusunga anthu oyenera. Msilikali wotopa komanso wolandira zochepa ndi amene amanyengedwa mosavuta kulowetsa mipeni, mafoni ndi mankhwala ozunguza bongo.

Mkaidi akamenyedwa kapena kugwiriridwa akadandaule kuti?

Tsiku lililonse ali ndi ufulu wodandaula kwa mkulu wa ndende kapena womuimira. Angathenso kulankhula ndi woyendera ndende popanda ogwira ntchito pafupi, kapena kulembera khothi ndi akuluakulu ena popanda wina kusintha zomwe walemba. Ngati iye sangathe, loya kapena wachibale wake angadandaule m'malo mwake, ndipo lamulo 57 likuletsa kumubwezera wodandaulayo. Dokotala akaona zizindikiro za kuzunzidwa ayenera kuzilemba ndi kukanena kwa oyenera. Mkaidi akamwalira, akasowa kapena akavulala kwambiri, lamulo 71 likufuna kuti nkhaniyo ipite msanga ku bungwe loima palokha, losakhala pansi pa akuluakulu a ndende, kuti lifufuze. Oyendera ndende ochokera kunja ali ndi mphamvu zofika mosalengeza ndi kusankha okha akaidi oti alankhule nawo.

Zonsezi zingatheke bwanji ngati malo palibe?

Zina zingatheke lero lomwe, monga kutulutsira akaidi panja kwa ola limodzi kapena kuposerapo tsiku lililonse monga likunenera lamulo 23, kugawa chakudya pamaso pa msilikali, ndi kulemba ndeu iliyonse kuti zidziwike kuti ziwawa zimachitikira kuti komanso nthawi yanji. Koma mkulu wa ndende sasankha anthu omwe amalandira, amangotsekulira omwe apolisi ndi makhothi amutumizira. Padziko lonse pali akaidi oposa 11 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse sanagamulidwe mlandu. Kupereka belo pa milandu ing'onoing'ono, kuzenga milandu msanga, ndi kupereka zilango zogwirira kunja kwa ndende monga amalimbikitsira malamulo a United Nations otchedwa a Tokyo a mu 1990 kumachepetsa kuthithikana mwachangu kuposa kumanga ndende zatsopano, zomwe nazonso sizichedwa kudzaza.

Makhothi nawo ali ndi mphamvu. Mu 2011 khothi lalikulu la ku America linavomereza chigamulo chakuti boma la California lichepetse akaidi ake mpaka asapitirire 137.5 peresenti ya malo omwe ndende zake zinamangidwira, litapeza kuti kuthithikana ndiko kunkachititsa kuti akaidi odwala asalandire chithandizo, ena mpaka kumwalira.