Mafuta ophikira si a makina osokera

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu awa, kwa atelala a pakhonde ku Ulongwe ngakhalenso kwa amayi osoka kapulana pakhomo ku Moatize: akuti mafuta ndi mafuta basi, ophikira omwewa amafewetsa makina. Zanditopetsa, chifukwa makina abwinobwino akuwonongeka nawo mawu amenewa.

Tsiku loyamba makina amayendadi mofewa, n'chifukwa chake anthu amakhulupirira. Koma mafuta ophikira, kaya a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza, akakhala pa mpweya kwa milungu ingapo amalimba n'kuyamba kumata ngati ulimbo. Kutentha kwa kuno ku Tete kumafulumizitsa zimenezi. Fumbi ndi tiubweya ta ulusi timakakamira pamenepo, gudumu limayamba kulemera, phazi n'kumatopa popalasa. Mafuta enieni a makina ndi opepuka, oyera ngati madzi, ndipo samata chonchi.

Dziyesereni nokha. Gwirani kukamwa kwa botolo la mafuta ophikira lomwe lakhalitsa kukhitchini, muona zala zikunanda. Kapena donthezerani mafuta a mitundu iwiriyi pa zivindikiro ziwiri zachitsulo, muziike pawindo kwa milungu 4, kenako mukhudze.

Chonde anzanga, tisamauze ophunzira kusoka zinthu zomwe sitinaziyese. Ngati munathira kale, pukutani ndi kansalu konyowa palafini, chotsani ubweya pansi pa singano, kenako dontho limodzi la mafuta a makina pamalo alionse oyenda. Muyambe mwasoka kachigamba, kuti mafuta otsala asadetse kapulana wa mwiniwake.