Thuza la mpini wa khasu, ndi zimene zimagwira thupi lathu kuti lisamwazike

Okutobala akafika, anthu ali kalikiliki kugalauza mizere podikira mvula yoyamba, kuchipatala timaona manja ambiri otuluka matuza. Sabata yatha kunabwera mnyamata wa cha ku Chitakale, amene wakhala m'tauni zaka zingapo ndipo wabwerera kudzathandiza mayi ake kulima. Chimene anadzera chinali chifuwa, koma akutuluka anatambasula chikhatho n'kundionetsa thuza lalikulu ngati ndalama yachitsulo, lodzaza madzi oyera. "Adokotala, sindinadzicheke, sindinapse. Nanga madziwa alowera pati?" Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, madziwo ndi anu omwe. Khungu lanu langolekana pakati." Anagwedeza mutu, koma nkhope yake inkaoneka kuti yankho silinamukwane. Ndiye lero ndiyankhe bwinobwino.

Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thiriliyoni. Selo lililonse ndi kathumba kofewa, kodzaza madzi, kosaoneka ndi maso. Tinthu totere tikanangounjikidwa pamodzi, munthu akanaphwasuka ngati mulu wa mchenga pa mvula. Chimene chimatigwira ndi zinthu ziwiri: maselo amagwirana okhaokha, ndiponso amagwira pa chinthu chimene akhalapo.

Tiyambe ndi kugwirana kwa okhaokha. Pa khoma la selo pamatuluka timapuloteni tooneka ngati timikono, ndipo odziwika kwambiri amatchedwa cadherin. Kamkono ka selo ili kamakola kamkono ka selo loyandikana nalo, ndipo m'kati mwa selo timikonoti tamangiriridwa ku tizingwe tolimba toyenda kuchokera khoma lina kufika khoma lina. Mukakoka khungu, mphamvu imeneyo imagawidwa kwa maselo zikwizikwi nthawi imodzi. Katswiri wa ku Japan, Masatoshi Takeichi, ndiye anatulukira m'zaka za m'ma 1970 kuti kugwirana kumeneku kumadalira mchere wa kashiamu: mukauchotsa, timikono timalefuka ndipo maselo amatayana. Pa malo amene amakokedwa kwambiri, monga khungu ndi mnofu wa mtima, timikonoti timasonkhana m'timagulu ngati mabatani a malaya. M'matumbo muli msoko wina wothina kwambiri umene umatseka mpata pakati pa maselo, kuti zonyansa za m'matumbomo zisadutse n'kulowa m'magazi.

Ambiri ndikawafotokozera amati, "Oho, ndiye kuti ndi ulimbo." Ayi. Ulimbo umagwira chilichonse, mpheta, tsamba, ngakhale chala cha mwana amene wautchera. Maselo amasankha. Mu 1907, H. V. Wilson wa ku America anatenga siponji yamoyo, kanyama ka m'nyanja ya mchere, n'kuifinyira pa nsalu yopyapyala mpaka inasanduka ngati phala la madzimadzi. Atalisiya phalalo m'madzi a m'nyanja, maselo aja anayamba kukwawa, kufunafunana, n'kuumbanso timasiponji tatsopano. Nkhani imeneyi imandigwira mtima nthawi zonse, chifukwa ndi zomwezo zimene zimachitika mwana akamaumbika m'mimba: maselo a khungu amazindikira anzawo a khungu, a mitsempha amazindikira a mitsempha, aliyense n'kupita kwa abale ake.

Tsono chimene maselo amakhalapo. Ganizirani mphasa yoyalidwa pansi, anthu akhalapo mothithikana atagwirana mikono. Pansi pa maselo a khungu, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a khomo la chiberekero pali kamphasa kotere, kopyapyala kuposa tsitsi maulendo mazanamazana. Maselo a pansi penipeni amakakola ndi timbedza totchedwa integrin. Pansi pa kamphasako ndiye pali mnofu wolukidwa ndi ulusi wa collagen, mmene mumadutsa mitsempha ya magazi. Collagen ameneyu mumamudziwa kale. Mukaphika mang'ina tsiku lonse, msuzi wake n'kugona, m'mawa mumaupeza utagwirana n'kumanjenjemera m'poto: ameneyo ndi collagen wosungunuka. Ali wamoyo m'thupi amakhala ngati chingwe cha khonje chopotedwa ndi nkhosi zitatu, ndipo pa mapuloteni onse a m'thupi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi iyeyu. Kuti nkhosi zitatuzo zipotane molimba pamafunika vitamini C. Akasowa kwa miyezi ingapo, nkhama zimatuluka magazi, mano amagwedera, ndipo zilonda zimakana kupola. Ife a kuno sitiyenera kufika pamenepo, zinanazi, magwafa, mapapaya ndi mango zili mbwee m'mbali mwa msewu. Chimene chimandipweteka ndi kuona khomo limene zipatso zonse zimapita kumsika, wodwala chilonda m'nyumbamo akudyera nsima ndi mchere.

Apa tingabwerere ku thuza lija. Mpini ukamakhula chikhatho mobwerezabwereza, khungu la pamwamba limakankhidwira uku ndi uku pamene la pansi lili chiimire. Mapeto ake mabatani aja amaduka pakati pa khungu la pamwambalo, pamatseguka mpata, ndipo madzi ochokera m'magazi amadzaza mpatawo. Koma maselo a pansi amakhala akadali pa mphasa yawo. N'chifukwa chake thuza la khasu limapola osasiya chipsera, pomwe chilonda cha moto chimene chapsereza mphasa ndi za pansi pake chimasiya chipsera cha moyo wonse. Musamasende khungu la pamwamba pa thuza. Limenelo ndi denga, ndipo pansi pake omanga ali pa ntchito.

Pali matenda ena a makanda amene ndikufuna amayi ndi agogo awadziwe. Tizilombo totchedwa Staphylococcus timatha kutulutsa poizoni amene amadula mabatani a khungu ngati lumo. Khanda limafiira, limatentha thupi, khungu n'kumasendeka ngati lathiridwa madzi owira. Ndinaonapo mayi wachitsikana akulira, apongozi ake akumunena kuti wamuwotcha mwana posambitsa. Sanamuwotche. Mwana wotere athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake alipo, ndipo poti mphasa ija imakhala yosakhudzidwa, khungu limabwerera bwinobwino.

Chodabwitsa n'chakuti kuti chilonda chipole, maselo ayenera kudziwanso kutaya. A m'mphepete mwa bala amamasula timikono tawo, n'kuyamba kukwawa, kukola kutsogolo, kumasula kumbuyo, mpaka atakumana ndi anzawo ochokera tsidya linalo. Akakhudzana amaima, n'kugwirananso. Kugwira ndi kutaya kumeneku kukuchitika mwa inu panopa mukuwerenga.

Tizilombo ta malungo tinaba luso lomweli. Maselo ofiira a magazi mwachibadwa samamatira pa chilichonse; amatsetsereka m'mitsempha ngati mlamba m'manja. Koma kachilombo ka Plasmodium falciparum kakalowa m'selo lofiira, kamapanga puloteni yakeyake yomata n'kuiika kunja kwa selolo. Selo lija limakakamira ku khoma la timitsempha ting'onoting'ono. Cholinga chake n'kuthawa kapamba, chiwalo cha kumanzere pansi pa nthiti, chimene ntchito yake ndi kusefa magazi n'kuwononga maselo odwala. Maselo okakamirawo akachuluka mu ubongo, mwana amakomoka kapena kugona osadzuka: amenewo ndiwo malungo a mu ubongo. Zambiri zimene dziko lapansi limadziwa za matendawa zinaphunziridwa pafupi pompa, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anagwira ntchito zaka zambiri. Muyeso woonera kukomoka kwa ana umene anaulemba mu 1989 umatchedwa ndi dzina la Blantyre m'mayiko onse mpaka lero.

Kwa mayi woyembekezera, tizilomboti timapanga chomatira cha mtundu wina chimene chimagwira pa nsengwa. Mayi amatha kuoneka bwinobwino, osamva mutu kapena kuzizidwa, pomwe nsengwa yadzaza maselo odwala ndipo mwana akuperewera chakudya. Zotsatira zake ndi magazi ochepa mwa mayi, ndi khanda lobadwa lochepa sikelo. Wa mimba yoyamba ndiye amakhala pa chiopsezo chachikulu, popeza thupi lake silinakumanepo ndi chomatira chimenechi. Pa mimba zotsatira limakhala litaphunzira kuchitchinga. Anamwino akusikelo akamakumwetsani Fansida inu musakudwala, akulimbana ndi malungo obisala pa nsengwawa. Dziko la Malawi linayamba njira imeneyi mu 1993, mayiko ena asanayambe. Imwani pamaso pawo pomwepo, ndipo neti isakhale yotchingira mbewu kudimba.

Malungo ndi kumata pamalo posayenera. Khansa ndi kutaya pamalo posayenera. Selo labwinobwino likasiyana ndi mphasa yake limadzipha lokha. Timbedza tija sitingogwira chabe, timauzanso selo kuti lili pakwawo ndipo lipitirize kukhala ndi moyo. Selo la khansa limasiya kumvera lamulo limeneli. Limachepetsa timikono togwirira anzake, limatulutsa mankhwala odula collagen, n'kuboola mphasa.

Pa khomo la chiberekero, nkhani yonse yagona pa kamphasa kameneka. Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya pamalowa, kakasokoneza maselo, amayamba kuchulukana mosalongosoka, koma kwa nthawi yaitali amakhala akadali pamwamba pa mphasa. Pamwambapo palibe mitsempha ya magazi, choncho alibe njira yopitira kwina. Bungwe la WHO limati nthawi zambiri pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo otere asanduke khansa, koma kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zimatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Zaka zonsezo mayi samva kupweteka kulikonse, amathyola tiyi, amasenza nthochi kupita pa Bvumbwe kapena pa Luchenza. Mphasa ikabooka, maselo amapeza mitsempha n'kuyamba ulendo, ndipo chithandizo chimasanduka cha opaleshoni yaikulu ndi maulendo ataliatali. Katemera wa HPV amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019 amatseka khomo kachilombo kasanalowe. Kwa amayi akuluakulu, chimene chilipo ndi kuyezetsa.

Amayi ambiri amabwera m'chipinda choyezera akunjenjemera chifukwa cha zimene anamva pamjigo. Namwino amawauza kuti, "Mayi, gonani apa, masukani, sitichedwa." Amanyowetsa thonje ndi viniga wosungunula, amapaka pa khomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi atawalitsa tochi. Pamene pali maselo osokonekera pamayera ngati padontha mkaka. Ngati banga loyeralo ndi laling'ono ndipo silikuonetsa kuti lalowa pansi, amaliwotcha ndi kachipangizo kotentha, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Pa masabata angapo otsatira, maselo abwino a m'mbali amamasula timikono tawo, amakwawa pamalo powotchedwapo, amayala mphasa yatsopano, n'kugwirananso.